Thumba Lanu la Mizu

Amayi, kodi kumeneko muli bwanji? Ndikufunsa chifukwa munandilera kuti munthu sayamba nkhani asanapereke moni, koma musaganize kuti ndabwera ndi mtima wabwino. Ndakwiya nanu, ndipo lero mundimvera mpaka ndimalize, poti pano simungandidule mawu monga munkachitira muja.

Ndiyambe ndi zapamudzi, mungati Esinati wataya mwambo. Mkazi wa achimwene Lameki anachira mu Febuluwale, mwana wamkazi, ndipo amutcha dzina lanu. Akuti mphuno ndi yanu. Ine ndikungopempha kuti liuma lokha asatengere. Makuponi chaka chino anandilemba ine ndekha pabanja pathu, ndiye feteleza tinagawana ndi achimwene poyeza ndi chidebe. Chimanga chafika pakati pa nkhokwe. Za fodya musafunse, mabelo awiri anabwerera ku okushoni ati tinasakaniza masamba. Paja munkati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Chigafa chanu chakale chija chinagwa ndi mvula, tinamanga china pafupi ndi mtengo wa mango.

Tsopano nkhani imene yandigwiritsa cholembera ndi ya mdzukulu wanu Tadala. Wakwanitsa zaka khumi ndi zisanu, ali Fomu 2, ndipo mayeso ali pakhomo. Chifuwa chake chobanika chija mukuchidziwa, chimene munkachitemera mphini pamtima chaka ndi chaka. Maliro anu atangotha ndinapita naye kuchipatala, chinthu chimene ndinkaopa kuchita inu muli moyo. Anati ndi mphumu, ndipo fumbi la fodya posankha m'chigafa ndi limene limaiputa. Anamupatsa kabotolo kopopera m'kamwa, nandiuza kuti asamalowenso m'chigafa. Zaka zonse zija, amayi, munkamucheka mwana ndi lumo m'mawa, masana n'kumutuma kukasankha fodya.

Kusukulu kwawo kunabwera mphunzitsi wamkazi, Madamu Nyirenda, amene amasonkhanitsa atsikana Lachitatu akaweruka n'kumawaphunzitsa masewera otchedwa yoga. Palibe chodabwitsa. Amadziwongola, kupinda msana, kenako amakhala pansi n'kumapuma pang'onopang'ono. Mphasa alibe, ndiye aliyense anasoka matumba awiri a feteleza. Madamuwo anamuuza Tadala mosabisa kuti zimenezi si mankhwala a mphumu, kabotolo asakasiye, koma zimuthandiza kuti chifuwa chikayamba asamachite mantha, pakuti mantha ndi amene amamubanikitsa kwambiri. Zinathandizadi. Mwana uja anayamba kugona bwino, kudya, ngakhale kuseka kumene anayambiranso. M'mawa uliwonse asanapite kusukulu ankayala matumba ake pansi pa mango n'kukhala kanthawi.

Tsoka linabwera ndi mng'ono wanu, mayi aang'ono a Felesiya. Tsiku lina analawirira kudzabwereka jeke yodindira mabelo, ndipo anamupeza Tadala atakhala pamatumba paja, miyendo atapinda, manja pamaondo, maso atatsinzina, akukoka mpweya ndi mphuno. Mukudziwa amene ankakhala choncho. Ndi inu, pachikopa cha mbuzi chija, podikira kuti azigogo akuuzeni muzu woti mupatse wodwala. A Felesiya anagwada pomwepo n'kuyamba kuomba m'manja. Tadala potsegula maso anangoona gogo wake ali chogwada pafumbi, misozi ili mbwe, akumuuza kuti, “Mwabwera akulu anga, takulandirani.”

Mwana anaseka, kuyesa nthabwala. Anafotokoza za Madamu, za Lachitatu, za kupuma. A Felesiya anati ogwidwa ndi mizimu onse amayamba ndi kukana. Dzuwa lisanafike pamutu mudzi wonse unali utamva kuti mwabwerera mwa Tadala, kuti kubanika kuja kunali inuyo mukugogoda, ndi kuti thumba lanu la mizu, limene lakhala chipachikire m'nyumba mwanu chichokereni inu, lapeza mwini wake. Madamu Nyirenda anapalasa njinga kudzalongosola. Sanapatsidwe ndi mpando womwe. Anauzidwa kuti munthu wobwera ndi kalata ya boma sangadziwe za mizimu ya eni mudzi.

Abale anagwirizana kuti mabelo omaliza akangochoka, Tadala apite kwa sing'anga wina wa kwa Simlemba akakhale miyezi itatu, akamukhazikitsire mizimu ndi kumuphunzitsa ntchito. Miyezi yake ndi ya mayeso yomweyi. Bambo a Tadala ndi mkamwini, pa nkhani za mbumba amangoyang'ana zala zakumapazi. Achimwene Lameki, eni mbumba, ankangoti tisakangane ndi akufa. Mwamuna wamkulu, ndevu pepeya, kuopa thumba la chikopa.

Tadala anasiya kuyala matumba ake, poti akangokhala pansi anthu ankasuzumira kumpanda. Anzake kusukulu anayamba kumutcha agogo. Chifuwa chinabwerera, ndipo chikamugwira a Felesiya ankabisa kabotolo kaja ati tisatseke pakamwa pa mizimu. Ndinakapeza m'nsengwa mwawo, pansi pa nyemba. Ndinawalankhula mawu amene sindingawalembe pano, ndipo sindinapepese.

Kenako Loweruka lapitali kunabwera mayi wina wa matenanti a kuesiteti, wochokera kutali kummwera, wopanda m'bale kuno. Anali ndi khanda kumsana, thupi lili moto, maso atatembenuka. Anamva kuti sing'anga wamkulu uja wadzuka mwa mdzukulu wake. Anamasula mwanayo n'kumuika pamiyendo pa Tadala. Mwana wanga anangoti kakasi, khanda la eni m'manja, akundiyang'ana ine.

Amayi, ine pamenepo sindinaone khanda la tenanti. Ndinaona Madalitso, mwana wanga woyamba. Dzina limeneli munaliletsa pakhomo pano, koma lero mulimva. Anali ndi zaka zitatu pamene anatentha thupi chimodzimodzi. Ndinafuna kuthamangira kuchipatala, inu munaima pakhomo n'kunena kuti matenda awa ndi achikuda, akakumana ndi jakisoni mwana amafa. Munati ndidikire mizu igwire ntchito. Ndinadikira masiku atatu chifukwa munali mayi anga, ndiponso anthu ankachokera kutali kudzagwada kwa inu. Tsiku lachinayi ndinamubereka mobisa, ndipo anatsirizikira kumsana kwanga ndisanafike ndi pamsewu pomwe. Pamaliro munauza anthu kuti ndinamupha ndine pomuchotsa pamankhwala. Munkakonda kunena kuti mawu a akuluakulu amakoma akagonera. Anu aja agonera zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri, ndipo sanakomebe.

Ndinalanda khanda lija m'manja mwa Tadala, ndinakweza mayi wake panjinga ya bambo a Tadala, n'kuwauza kuti apalase mpaka kuchipatala osayang'ana m'mbuyo. Anali malungo. Mwanayo ali moyo, dzulo ndamuona akuyamwa.

Madzulo a tsiku lomwelo ndinaitanitsa abale onse pakhonde panu. A Felesiya anabwereza zomwe zija, kuti thumba silingakhale lopanda mwini, kuti mukapanda kulandiridwa mudzatenga munthu. Ndinaona kuti kutsutsana nawo n'kutaya malovu. Iwo amakhulupiriradi, ndipo amakusowani, chimenecho sindingawalande. Ndiye ndinalowa m'nyumba mwanu, ndinakwera pampando, ndinatsitsa thumba lija n'kulikoleka paphewa. Nditatuluka ndinati, “Ngati amayi akufuna munthu, munthu wake ndine. Ndinawanyamulira khasu zaka zisanu ndi zinayi pokumba mizu imeneyi, palibe umene sindiudziwa. Tadala akalemba mayeso.”

A Felesiya anati inu simunandisankhe, ndiponso mudzi wonse ukudziwa kuti ndimadana ndi ntchito yanu. Ndinawayankha kuti ngati simukufuna mubwere mudzandilande nokha. Tinadikira. Simunabwere. Achimwene Lameki, poona kuti mwina apulumukira pomwepo, anati mwana wamkazi wamkulu ndi amene amalowa m'malo mwa mayi ake, nkhani n'kuthera pomwepo.

Musaganize kuti zanditsikira bwino. Lamulungu akuluakulu a mpingo anandiitana, ndipo andiimika chifukwa cha thumba lija. Yunifomu yanga ya gulu la amayi a mpingo, imene ndaivala zaka khumi ndi ziwiri, ndaipinda ili m'sutikesi. Anzanga amene ndinkayimba nawo pamaliro anu akumandipatsa moni wapatali. Ndinalira, amayi, sindibisa. Munandilanda mwana muli moyo, mwandilanda mpingo muli m'manda, ndipo mukanapeza mpata mukanatenganso Tadala.

Thumba ndalipachika kumutu kwa mphasa yanga. Ndinalitsegula. Fungo lake ndi lanu lenileni, utsi ndi makungwa, moti ndinakhala pansi kanthawi ndisanapitirize. Lumo lija ndataya m'chimbudzi. Zina ndasunga, poti si zonse zimene munkachita zinali zoipa. Nthunzi ya masamba a bulugamu munthu akafundira bulangeti imatsegula mphuno, ndipo manja anu ankadziwa kuthoba mwendo wobinya. Zimenezo ndizichita. Koma aliyense wobwera ndi mwana wotentha thupi adzapeza njinga ili yopopa kale pakhomo, ndipo ndizidzanena kuti mwandiuza ndinu. Muli moyo simunatumizepo munthu kuchipatala, koma tsopano muzitumiza sabata iliyonse, mufune musafune.

Tadala wayambiranso kuyala matumba ake pansi pa mango. Lero m'mawa anandikoka kuti ndiyeseko. Maondo anakana kupindika, iye n'kumandiseka mpaka kutsokomola. Mayeso ayamba Lolemba likudzali, ndipo kabotolo kali m'thumba la yunifomu yake.

Mako ndi mako, amatero, usamuone kuchepa mwendo. Ndimakukondani, amayi, ngakhale zimandipsetsa mtima kuti ndimakukondani. Manda anu ndidzalambula mvula isanagwe, ndipo thumba lanu silidzanyowa kapena kudyedwa ndi chiswe ine ndili moyo, ndalonjeza. Koma mwana wanga mumusiye. Mukafuna wolankhula naye bwerani kwa ine, mukudziwa pamene ndimagona. Mukabwera, tidzayambira pa nkhani ya Madalitso.

Ndine mwana wanu,
Esinati