Sitampa Imene Ndinamata Tahani Kulibe

Bein el-Sarayat, Giza
27 Ogasiti 2000

Okondedwa achimwene Bakhit,

Mtendere wa Mulungu ukhale nanu pamodzi ndi onse a m'nyumba mwanu. Ndikufuna kumva za moyo wanu. Kodi bondo lija likuvutabe mukamapita kothirira? Nanga amayi akudya bwino, ndipo maso awo akuona bwanji masiku ano? Ife kuno tilipo, Mulungu akutisunga. Mlamu wanu Nagat chifuwa chinamusiya, kungoti kutentha kwa mwezi uno kwatifoola tonse. Chipinda chathu cha pansi pa masitepe mukuchidziwa, zenera lake ndi limodzi lomwe lija.

Tchizi ndi anyezi zimene munapatsira Hamdan zinafika bwino. Botolo limodzi linadontha pang'ono m'thumba koma silinasweke. Pampu ya madzi ya m'nyumba muno inafa masiku anayi, moti ndinkakweza zidebe mpaka nsanjika yachisanu ndi chiwiri. Tsopano anaikonza, msana wokha ndi umene sunakonzedwe.

Zoti mwana wathu Tahani anakhoza mayeso munazimva kale pa lamya ya kusitolo. Pali zina zimene sindinanene tsiku lija chifukwa mwini sitolo amaima pafupi ndipo makutu ake ndi aatali. Ndalemba kalatayi kawiri. Yoyamba ndinaing'amba chifukwa ndinadziyeretsa kwambiri.

Mwana akakhoza, amakatenga envelopu ku ofesi yogawa ana m'mayunivesite. M'kati mumakhala fomu ya mabokosi makumi anayi ndi asanu ndi atatu, ndi pepala la masitampa ang'onoang'ono. Sitampa iliyonse ili ndi dzina la sukulu. Mwana amamata masitampawo m'mabokosi motsatana, kuyambira kumene akufuna kwambiri. Bokosi loyamba ndiye nkhani yonse, ndipo fomu amapereka imodzi yokha.

Tahani akufuna kuphunzira zilankhulo zakunja, ndipo malikisi ake anamutsegulira makomo awiri. Lina ndi pa Yunivesite ya Cairo, yomwe ili tsidya la msewu wathu uno, imene wotchi yake ndimaiona ndili pabenchi yanga ya ulonda pakhomo. Lina ndi ku Ain Shams, kutsidya la mtsinje, ku Abbasiya. Zonse ndi zaboma, zonse ndi zazikulu, ndipo aliyense amene ndinamufunsa anati palibe yonyozeka. Iye kuyambira tsiku loyamba ananena kuti akufuna pa Cairo.

Tsiku lina masana, anthu a m'nyumba muno atagona chifukwa cha dzuwa, ndinasiya Nagat pakhomo n'kupita kukayesa njira zonse ziwiri. Kuchoka pabenchi yanga kukafika pageti la Cairo ndi mphindi zisanu ndi zitatu, osathamanga. Kupita ku Ain Shams pa sitima yapansi pa nthaka ndi mphindi makumi asanu ndi zisanu, kusintha sitima kamodzi. Ndinaonetsetsa kuti bogi ya amayi okhaokha ilipo. Ndinalemba zonsezi papepala. Nditabwerako ndinayamba kutamanda Ain Shams, mitengo yake, ukhondo wake, ndi ulemu wa atsikana amene ndinawaona kumeneko. Tahani anangoseka n'kundifunsa kuti ndakhala liti katswiri wa mayunivesite, ine amene ndimakana kupita ngakhale kumsika wa ku Dokki kuopa kusiya khomo.

Chifukwa chenicheni sindinamuuze, koma inu ndikuuzani. M'nyumba muno zipinda zitatu zimakhala za ophunzira a pa Cairo pomwepa. Akafuna buledi amatsitsa dengu pachingwe kuchokera pakhonde n'kukuwa kuti, "Khalafu iwe, changu!" Ena ndi ana oti ndikanawabereka. Pa nsanjika yachinayi pamakhala Dokotala Wagdi, amene amaphunzitsa Chifalansa ku nthambi yomweyo imene Tahani akufuna. Galimoto yawo ndimatsuka ine m'mawa uliwonse. Tahani wakhala akuwakwezera buledi ndi nyuzipepala kuyambira ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri. Ndinaganiza kuti mwana wanga akakhala pabenchi imodzi ndi anthu amene amatuma bambo ake ndi mluzu, sadzatha kutukula mutu.

Si maganizo opanda pochokera. Mlonda mnzanga wa mumsewu wachiwiri, wa ku Aswan, anali ndi mwana wamkazi wanzeru kwambiri amene analowa yunivesite. Anzake atadziwa kumene amakhala anamupatsa dzina loti Tsache. Anapirira chaka chimodzi, chachiwiri anasiya, pano anakwatiwa kwawo. Ku Ain Shams palibe amene amadziwa nkhope yanga. Kumeneko Tahani akanangokhala Tahani, ndipo wina akamufunsa za bambo ake akanatha kunena kuti amagwira ntchito ku kampani yosamalira nyumba.

Tsiku lomata masitampa, iye mwini anandipatsa ntchitoyo. Anati dzanja langa silinjenjemera ndipo chilichonse ndimachiika mowongoka. Analemba papepala mmene masukulu atsatanirane, kenako anapita ndi mayi ake kukajambulitsa zithunzi zofunika pa fomuyo. Ndinapukuta tebulo kawiri. Ndinayamba kumata kuchokera pansi, bokosi lomaliza, kukwera m'mwamba, ngati munthu wozengereza kufika pamene akuopa. Nditafika pa mabokosi awiri oyamba ndinakhala nthawi yaitali masitampa awiri ali m'manja. Achimwene, ndinamata Ain Shams pabokosi loyamba, Cairo pa lachiwiri. Ndinakanikiza ndi tambula ya tiyi kuti zigwire bwino, n'kubwezera fomu mu envelopu.

Ndinaiwala kuti ndi mwana wanga, naye chinthu amachiona kawiri. Atangofika anatsegula envelopu. Sanakalipe. Anandifunsa ngati ndalakwitsa mwangozi. Ndikanatha kunena kuti inde, koma ndinati ayi, ndachita dala, ndikukuteteza. Ndinamufotokozera za dengu, za Dokotala Wagdi, ndi za mwana wa mnzanga uja.

Anandimvetsera mpaka ndinamaliza. Kenako ananditambasulira manja ake n'kunena kuti, "Ababa, manja awa akolopa masitepe a nyumba ino zaka khumi ndi chimodzi. Mukuganiza kuti ku Abbasiya ndikafika ndi manja ena?" Anati bodza limene ndimamukonzera lifunika kulidyetsa tsiku lililonse kwa zaka zinayi. Mnzake akafuna kudzamuona aziti kwathu kuli matenda, wina akamuperekeza azitsika pa siteshoni ina. Anati iye sanachitepo nane manyazi, ndipo ngati manyaziwo ndi anga ndiwasenze ndekha, ndisamukweze sitima maola awiri tsiku lililonse chifukwa cha iwo.

Nagat anali chiimire ndi zithunzi m'manja. Iye anangoti anthu ena amaopa njoka imene sanaione mpaka kuwotcha munda wawo womwe, n'kukateleka madzi pamoto kuti nthunzi imatule masitampawo. Ndinamuletsa. Ndinaopa kuti pepala likwinyika kapena inki isungunuka, ndipo kunali kutatsala masiku awiri okha kuti atseke kulandira mafomu.

Fomuyo tinapita nayo kwa Girgis wosita zovala, uja ali ndi kashopu moyang'anana ndi khomo lathu, amene munamwa naye tiyi ulendo uja. Atamva nkhani yonse anaseka mpaka kupukuta misozi ndi malaya a kasitomala. Anati, "Khalafu, zaka makumi awiri wakhala ukundinena kuti ndimapinda kolala mokhota. Lero wabwera ndi ntchito yako yowongoka bwino, koma yopita kolakwika." Ndinamuuza kuti asiye zolankhula agwire ntchito. Anayankha kuti wopalamula salamula.

Anayala kansalu konyowa kuseri kwa fomu, n'kudutsitsa simbi pang'onopang'ono, kenako n'kumatukula sitampa ndi lezala. Ine ndinatuluka panja chifukwa sindikanatha kuyang'ana. Ya Ain Shams inachoka yonse bwinobwino. Ya Cairo inang'ambika kakona kamodzi, ndipo pabokosi loyamba panatsala banga lachikasu. Tahani anamata yekha pomwepo, pa tebulo la Girgis. Anamata mopendekeka. Nditatambasula dzanja kuti ndiwongole guluu asanaume, anaphimba fomuyo ndi chikhatho chake.

Ku ofesi anapita yekha, anakana kuti ndimuperekeze. Anaima pamzere kuyambira m'mawa mpaka dzuwa litapendeka. Mayi ake ndi amene anandiuza kuti kalaliki anayang'ana banga lija nthawi yaitali, n'kufunsa chimene chinachitika. Tahani akuti anayankha kuti bambo ake anaikapo tambula ya tiyi, zimene si bodza kwenikweni. Kalalikiyo anadinda n'kuika fomu pamulu.

Milungu itatu yotsatira chakudya sichinkandilowa. Ndinkaganiza kuti wina kumeneko aona banga lija n'kutaya fomu yonse, mwana ataye Cairo, ataye Ain Shams, ataye chaka, chifukwa cha dzanja langa lowongoka. Lachinayi lapitali khadi ya yankho inabwera. Makalata onse a m'nyumba muno amafikira m'manja mwanga, choncho ndine ndinailandira. Sindinaitsegule. Ndinaiika pa pilo wake n'kubwerera pabenchi. Amutenga pa Yunivesite ya Cairo.

Dzulo ndinawauza Dokotala Wagdi ndikupukuta galasi la galimoto yawo. Anati zikomo kwa Mulungu, kenako anafunsa kuti, "Uja wa buledi?" Ndinati yemweyo. Anandifunsa dzina lake, ndipo aka kanali koyamba kulifunsa. Anati ndimuuze alimbikire chifukwa m'kalasi mwawo sakondera munthu. Mpaka pano sindikudziwa ngati mawu amenewa ndi abwino kapena oipa. Ndawatembenuza mbali zonse. Paja akuti walira mvula walira matope. Ndinapempha Mulungu zaka zonsezi kuti mwanayu aphunzire kuposa ine amene ndinalekera pulayimale, ndipo wandiyankha pakhomo panga penipeni.

Chimene chikundiwawa ndi ichi. Chiyambire tsiku la masitampa, Tahani amandilankhula zofunika zokha. Tiyi uyu, ababa. A pa nsanjika yachitatu akuitana, ababa. Mwano alibe, koma kale ankabwera kudzakhala nane pabenchi n'kumandiwerengera nyuzipepala za anthu tisanazikweze. Anasiya. Khadi itabwera ndinamufunsa chimene ndingachite. Anati chilipo chimodzi. Tsiku lotsegulira, Loweruka pa 16 Seputembala, akufuna ine ndi mayi ake timuperekeze mpaka pageti, iye ali pakati. Anati ndivale mkanjo wanga wamasiku onse ndi nduwira yanga, osati thalauza lobwereka, ndipo tinyamuke nthawi imene ophunzira a m'nyumba muno amatsika.

Ndinamufunsa kuti nanga khomo litsala ndi ndani, popeza tsiku limenelo ndi limene ophunzira atsopano amadzaza msewu kufuna zipinda. Anandiyang'ana n'kunena kuti ankadziwa kuti ndipeza chifukwa.

Sichinali chifukwa chopeka, achimwene. Ndinapita kwa a Haji eni nyumba kukapempha. Anati khomo silingakhale lopanda munthu m'mawa umenewo ngakhale kwa theka la ola, ndipo Girgis kapena mlonda wa nyumba ina sakumufuna. Anati mwambo ndikuudziwa, mlonda akachoka pabenchi pamakhala wa magazi ake, woti chinthu chikasowa adziwe mudzi wokafunsa. Inu amakukumbukirani ndipo avomera.

Pempho langa ndi limeneli. Mubwere mudzandikhalire pabenchi tsiku limodzi. Mukakwera sitima ya m'mawa Lachinayi pa 14 kuchokera ku Sohag, mudzatsikire pa siteshoni ya Giza, osapitirira mpaka pa siteshoni ya Ramses, ndipo Nagat adzakuchingamirani. Lachisanu tikachoka ku mzikiti ndidzakuonetsani makiyi, pampu, ndi mmene chikepe chimatsegulidwira chikaima pakati. Ndalemba kale papepala dzina la munthu aliyense ndi nsanjika yake. Magalimoto ndidzatsuka ndekha tisananyamuke, inu simudzagwira chidebe. Madengu akatsika, mudzangowauza kuti Khalaf akubwera. Za bondo musade nkhawa, palibe chokweza tsiku limenelo.

Sindikunamizani kuti mantha atha. Mwina adzamupatsa dzina ngati mwana wa mnzanga uja. Mwina ine ndinaona zoona. Koma sukulu ndi yake, ndipo ndinamulanda bokosi lake kamodzi. Ndikudziwa kuti masiku amenewo mudzakhala mukuthyola thonje ndipo manja ndi ochepa. Mukaona kuti simungathe, mundiuze msanga pa lamya ya kusitolo, ine ndidzamvetsa. Koma Tahani sadzakhulupirira kuti ndi thonje.

Mupereke moni kwa amayi, muwapsompsone dzanja m'malo mwanga. Za sitampa musawauze, mungowauza kuti mdzukulu wawo walowa yunivesite. Moni kwa alamu anga ndi ana onse, kwa achemwali athu Sabah ndi amuna awo, kwa amalume Abdel-Rady, ndi kwa azakhali a kumpoto kwa ngalande. Nagat akupereka moni kwa nonse. Tahani ndamuuza kuti ndikukulemberani, ndipo wati ndikupatseni moni, koma sanafunse zimene ndalemba.

Mulungu akusungeni mpaka tionane.

Ndine mng'ono wanu,
Khalaf