Wilo ya a Lumo

Okondedwa Achimwene,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino, inu pamodzi ndi alamu ndi ana. Nanga Amayi, miyendo ija ikuwalola kuyenda tsopano? Pa foni amangoti ali bwino, koma inu mukuwadziwa, ngakhale atathyoka angakuuzeni kuti ndi kachilonda chabe. Mundiuze zoona zake. Ine kuno thupi lili bwino, ndikudya, ndikugona.

Mudabwa kuti bwanji kalata pomwe foni ilipo. Ndikaimba mumakhala muli kunsi kwa galimoto, sipanala kumanja, ndipo ndikangomva phokoso la kugalajako ndimangoti zonse zili bwino, basi n'kudula. Lero ndati ndikhale pansi ndikufotokozereni bwinobwino, muwerenge mutasamba m'manja.

Ofesi ija ndinatsegula. Ndi kachipinda kamodzi pamwamba pa sitolo ya magalasi a maso, ukakwera makwerero n'kukhotera kumanzere. Muli tebulo, mipando ya alendo, shelefu ya mabuku ndi ketulo. Zenera linayang'ana kuseri, kumene anthu amaimika njinga zamoto zonyamula katundu. Pakhomo ndinakhoma chikwangwani cha dzina langa, m'munsi mwake ndinalembetsa kuti ndimathandiza kulemba wilo ndi kuyendetsa chuma cha masiye. Wolemba chikwangwaniyo atamaliza anandifunsa ngati sindikuopa kuitana tsoka. Paja inu munati ndasiya kampani yaikulu kuti ndikhale loya wa anthu akufa. Dziwani kuti muli ndi anzanu kuno.

Timavuto sitilephera. Makina osindikizira amene ndinagula kwa munthu amatafuna mapepala ngati mbuzi, ndipo mvula ikagwa denga limadontha ndendende pamwamba pa shelefu. Eni nyumba akuti abwera kudzaona, koma mawu amenewo akhala akunena chilowereni ine muno. Ndinasamukanso kumene ndinkakhala kuja, ndinapeza chipinda chapafupi ndi ofesi. Anthu ake ndi aulemu koma aliyense ndi chitseko chake. Wa khomo loyang'anana ndi langa ndimamudziwa chifuwa chake chokha.

Masabata oyamba anali owawa. Kukampani kuja tinkadandaula phokoso, mafoni, anthu kuitanizana m'makonde. Kuno ndinkafika m'mawa, kupukuta tebulo lopukutapukuta kale, n'kukhala. Ndikamva mapazi pa makwerero ndinkakonza kolala, koma mapaziwo ankapitirira kwa atelala a chipinda chotsatira. Anzanga akale analonjeza kuti azidzandiona pa nthawi ya nkhomaliro. Sindikuwada, ntchito ya kumeneko ndikuidziwa. Tsiku lina ndili m'basi madzulo ndinazindikira kuti chichokereni kunyumba sindinalankhule ndi munthu, kupatula kondakitala.

Anthu amaopa wilo ngati kuti pepalalo ndi limene limapha. Ena amafika mpaka pakhomo, kuwerenga chikwangwani, n'kubwerera. Bambo wina analowa ndithu, koma titangoyamba kukamba za nyumba yake anati waiwala kuzimitsa mbaula. Mpaka lero akuzimitsabe.

Woyamba kukhala mpaka kumaliza anali mkulu wina amene aliyense mumsewu muno ankawatchula kuti a Lumo. Anali ometa tsitsi kwa zaka zambirimbiri, mpaka manja atayamba kunjenjemera anatseka shopu. Anafika pamwamba pano ali wefuwefu, atavala jekete ndi tayi, ndipo asanapereke n'komwe moni anati amene anandidula tsitsi langali ayenera kumangidwa, ngati ndine loya weniweni ndiyambe ndi mlandu umenewo. Achimwene, ndinaseka mpaka misozi. Kunali kuseka kwanga koyamba m'chipinda chino.

Nkhawa yawo inali imodzi. Akazi awo anamwalira kale, n'kuwasiyira ana awiri. Wamwamuna amagwira ntchito kutali, kumigodi. Wamkazi ndi wamkulu kuposa ine, koma anabadwa ndi vuto loti maganizo ake ndi a mwana wamng'ono. Amadziwa kusesa, kuchapa ndi kupita kusitolo ya pakona, koma kumuchotsa m'nyumba imene anakuliramo ndiye kumutaya. A Lumo ankafuna kuti iwo akadzapita nyumbayo isagulitsidwe mwanayo akadali moyo, ndipo mng'ono wa malemu akazi awo, amene ankamusamalira kale masana, adzasamukiremo. Wamwamunayo adzaitenge pambuyo pake. Anati zimenezi anamuuza kale mwini wake pa foni, iye anangoyankha kuti wamva.

Ndinalemba monga ananenera, ndinawawerengera pang'onopang'ono, ndipo ndinaumirira kuti asayine sabata yomweyo. Mboni zinali atelala aja ndi mayi wa m'sitolo ya magalasi, popeza mboni siyenera kukhala munthu woti adzalandira nawo. Ndinkaganiza kuti ndathana nawo.

Lachitatu lotsatira ndinangomva wefuwefu uja pa makwerero. Anati aganiza bwino, wailesi isapite kwa mphwawo chifukwa amamvera nyimbo zachabechabe. Lachitatu linalo nkhani inali ya galasi lalikulu la m'shopu. Kenako mpando wometera, umene unayendayenda zedi: lero kwa abusa, mawa kwa mnzawo amene ankaonera naye mpira. Tsiku lina anati mpandowo ndidzatenge ine, ndizikhazikapo makasitomala kuti asamathawe. Nditawauza kuti malamulo a ntchito yathu salola wolemba wilo kulandiramo kanthu, anati n'chifukwa chake maloya tili ndi nkhope zowawasa.

Ndinawalangiza kuti tinthu ting'onoting'onoti ayambe atsimikiza kaye, tidzalembe kamodzi. Anavomera, koma Lachitatu anabwerabe. Apa m'pamene ndinazindikira kuti nkhani si wailesi kapena galasi. Munthu amene moyo wake wonse wakhala akucheza ndi mitu ya anthu kuyambira m'mawa mpaka madzulo, tsopano anangotsala ndi makoma. Ndipo ine, ndisakunamizeni, ndinayamba kumagula mabisiketi Lachiwiri. Ankandiuza mmene umadziwira kuti munthu wachotsedwa ntchito pongoona makhalidwe ake pampando, ndi mmene mwamuna wopita kukafunsira amameteretsa mosiyana ndi wopita kukapepesa. Ankandifunsa za kwathu. Inu ankakudziwani, ankakutchulani kuti a Sipanala, ndipo ankati wokonza magalimoto sangakhale wodzikuza chifukwa anazolowera kugwada.

Mwezi watha Lachitatu linadutsa osabwera. Ndinadziuza kuti ndi mvula. Mawa lake atelala anagogoda, tepi ili m'khosi, n'kundiuza kuti a Lumo anagwa kubafa Lolemba, ndipo atisiya ali kuchipatala. Ndinawathokoza, iwo anabwerera ku makina awo. Ndinakhala ndikumvetsera makinawo akulira kuseri kwa khoma mpaka nthawi yoweruka. Ndinatenga foni kuti ndiuze munthu, koma ndikanauza ndani, ndipo ndikanati wamwalira ndani wanga? Si bambo anga, si mbale wanga. Pa mapepala ndi kasitomala.

Kumaliro ndinapita, ndinakhala kumbuyo. Panalibe wondidziwa kupatula alamu awo aja. Mayi wina pafupi nane anafunsa kuti ndine wa mbali iti. Nditayankha kuti ndinali loya wawo anasendera uko, ndipo ndinamumva akunong'oneza mnzake kuti miimba sichedwa. Mwana wamkazi uja anali pakhomo atakumbatira jekete la bambo ake, akuuza aliyense wolowa kuti apukute mapazi chifukwa adadi sakonda matope.

Patapita masiku, wamwamunayo anabwera kuno. Ndi munthu wathupi, wooneka wotopa, maso ali psu, kaya ndi fumbi la kuntchito kaya ndi kulira. Anakana kukhala. Anati iye ali ndi ana akeake m'nyumba ya lendi, mgodi ukhoza kutsekedwa chaka chino, ndipo nyumba ya bambo ake ikanagulitsidwa bwenzi onse atapuma, mlongo wakeyo akanamutenga kukakhala naye. Kenako anandiloza chala.

"Mawu awa ndi anu, mayi. Bambo anga sankalankhula chonchi. Munawapezerera ukalamba n'kuwalembera zofuna zanu."

Kukampani kuja zikafika pamenepa umadzuka n'kukaitana abwana. Kuno ukacheuka umaona ketulo. Ndinamuuza kuti mawu a chilamulowo ndi angadi, koma chifuniro ndi cha bambo ake, ndipo iye akudziwa chifukwa anamuuza okha. Ndinamuuzanso kuti ali ndi ufulu wopita kukhoti, ndipo ndi bwino apeze loya wina amuwerengere pepalalo, asangomvera ine. Kenako ndinamufunsa ngati mlongo wakeyo anakhalapo kwina kusiya nyumba ija. Anati anayesa kumutenga chaka chimene mayi awo anamwalira, koma mlongoyo anakana kudya mpaka anachita kumubweza.

Apo ndiye anakhala pansi. Anayang'ana makoma, shelefu, makapu. Anafunsa ngati bambo ake ankabwera kawirikawiri kuno. Nditamuuza kuti sabata iliyonse, anapukusa mutu.

"Ndiye kuti chaka chino acheza kwambiri ndi inu kuposa ine mwana wawo. Ankati chiyani za ine?"

Ndinamuuza zimene ndikudziwa kuti eni ake sakanandiletsa: kuti ankanyadira kuti mutu woyamba kumetedwa m'shopu yawo unali wake, ali khanda pamiyendo pa mayi ake, ndiponso kuti ankadandaula kuti anamulera mwaukali chifukwa mtima wonse unathera kwa mlongo wake. Mwana wawo uja, bambo wamkulu ndithu, anagwira kumaso n'kuyamba kusisima. Ine ndinasowa chochita, ndinangotereka madzi. Tiyiyo sanamwe, ndipo anatuluka osatsanzika.

Sabata yatha anaimba foni ali kale kumgodi, n'kunena mwachidule kuti kukhoti sapita, amayi ake aang'ono asamukiremo. Sanathokoze, ndipo sindinkayembekezera. Mavuto ake ali pomwepo, sindinganene kuti ndi munthu woipa. Dzulo ndinakasiya mapepala kunyumbako. Ndinapeza amayi aang'onowo akulowetsa zikwama zawo, mwana wamkazi uja ali patsogolo kuwalozera chipinda chawo ndi pomwe pamakhala tsache. Ntchito yanga yoyamba yatha bwino. Ndinabwerera kuofesi, ndinatseka chitseko, ndipo panalibe woti ndimuuze kuti yatha bwino.

Anthu ayamba kubwera pang'onopang'ono. Atelala ananditumizira achemwali awo, ndipo banja lina limene langobereka kumene linabwera lokha. Za pamimba musade nkhawa. Kukampani sindibwerera. Ntchito iyi ndi imene ndinkaifuna chionereni zimene zinawachitikira azakhali amuna awo atamwalira, tsiku lija tinawapeza atakhala pa matiresi panja, nyumba itakhomedwa loko wina. Chimene sindinaganizire n'chakuti anthu amene ndizizolowerana nawo pa ntchito imeneyi ambiri ndi oti ali kale paulendo.

Tsono pempho langa ndi limodzi, ndipo si la ndalama, musayambe kukanda mutu. Bwerani mudzandione. Osatuma mwana, osanena kuti tidzaonana pa tchuthi. Mutseke galaja Loweruka limodzi, magalimoto owonongekawo sathawa. Ndikufuna munthu wa magazi anga adzalowe muno, akhale pansi, andinene kuti tebulo ndinaliika molakwika, kuti ndikamati ndili kuofesi wina kwathuko azitha kuiona m'maganizo. Wilo sindidzakulembetsani, pokhapokha mutafuna nokha. Amayi musawauze kuti ndakhala ndikulira. Mungowauza kuti ntchito ikuyenda, poti zimenezonso ndi zoona.

Mundiperekere moni kwa Amayi, muwakumbutse kuti mankhwala si okongoletsera pawindo. Moni kwa alamu, amene ndikudziwa kuti ndiwo akukankheni kuti munyamuke. Moni kwa ana onse, makamaka wamkuluyo amene akukonzekera mayeso, kwa azakhali, ndi kwa amalume ngati asiya kundikwiyira chifukwa chosafika pa ukwati uja.

Mukatsimikiza tsiku mundiuze. Ndidzakhala ndili pa siteji kuyambira basi yoyamba.

Ndine mlongo wanu,
Mzime