Mbande za Pawindo

Okondedwa alamu,

Ndikhulupirira muli bwino kumeneko. Kuno tilipo, pang'onopang'ono.

Mbewu ya tomato munatumiza ija ndinafesa m'zitini, ndipo yamera. Achimwene anu anaumirira kuti zitinizo zikhale pawindo la kuchipinda, azizionera pabedi. Pamenepo dzuwa silifika. Mbande zangotalika ngati ulusi, zachikasu, zonse zaweramira kunja. Ndikuona kuti zikuwonongeka, koma ndingawakanize bwanji? Madzi amene alephera kumwa amati ndithirire.

Mukuwadziwa, zaka zonsezi sanandilolepo kuwokera, amati ndimathinanitsa. Koma dzulo anandigwira dzanja n'kunena kuti, "Mayi, pakati muzidzasiya mpata wa mapazi awiri. Musadzaiwale."

Kwatsala milungu iwiri kuti ndiwokere. Alamu, musadikire kuti tomatoyu apse. Bwerani.

Ndine mlamu wanu.