Nkhuku ya Amayi Yayamba Kuyenda

Chiputo, Novembala

Okondedwa achimwene Edmundo,

Muli bwanji ku Teteko, pamodzi ndi alamu anga a Ivânia ndi ana? Dzuwa lakumeneko silinakuwauleni? Ife kuno tilipo, koma amayi sali bwino. Foni sikugwira, n'chifukwa chake kalatayi ndapatsira a Nazário ogula nyemba aja.

Amayi anagwa mwezi watha. Mukuwadziwa amayi anu, sauzidwa. Anazira okha pakhonde, dothi lisanaume n'kupondapo. Anagwa chokhala, basi osadzukanso. Mwendo wakumanzere wafupika, ndipo phazi likuyang'ana kumbali.

Amalume a Silvestre anaitana wolunga mafupa. Iye anagwira msoti wathu wakuda, n'kuuthyola mwendo, n'kuumanga timitengo ndi luzi. Mankhwala opaka amayi ndi omwenso akupaka nkhukuyo. Anati tsiku limene nkhuku idzaponde pansi, amayi nawo tiwaimiritse, ngakhale alire, chifukwa mafupa awiriwo amapolera limodzi.

Sindikunyoza, achimwene. Dzanja lanu lija anakulungani chomwechi muli mwana, ndipo lero mumanyamula nalo matumba.

Koma sabata yatha anabwera enfermeira Marta, namwino wa ku Fíngoè, woyenda ndi katemera pa mota, njinga yamoto ija. Atawaona amayi anandiitanira kuseri. Anati lathyoka ndi fupa la m'chiuno, pamutu pa ntchafu, ndipo la munthu wokalamba silimva timitengo. Anati vutoli likuchuluka dziko lonse, ngakhale kwa azungu, poti anthu akukhalitsa ndi moyo, ndipo mafupa a amayi okalamba amafumbwa m'kati ngati nsungwi. Anati chofunika ndi operasau, ndiye kuti opareshoni, ku chipatala chachikulu. Akangogona pamphasa, chowatenga si fupalo ayi, koma zilonda zakumsana ndi chifuwa. Ndipo anandigwira dzanja n'kunena kuti tisayerekeze kuwaimiritsa.

Achimwene, chilonda chayamba kale. Akutsokomolanso.

Nditawauza amalume, anandiyankha kuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Anatinso mtsikana wa pa mota sangaphunzitse mwini mbumba kusamala mlongo wake. Amayi nawo akuti sakwera galimoto ya munthu aliyense pokhapokha atamva pakamwa panu. Ine amene ndimawasambitsa ndi kuwatembenuza, mawu anga ndi mphepo. Zikundipsetsa mtima, koma mantha ndiwo andikulira.

Tsopano imvani chimene sindinauze munthu. Nkhuku ija yachira. Lachitatu m'mawa ndinaipeza ikupalasa kuseri kwa khola la mbuzi, timitengo itakukuta kale. Ndinaigwira, n'kuivindikira m'dengu, n'kuikweza m'nkhokwe. Amalume akafunsa ndimati ikadali chigonere, ndaiika kutali kuopa agalu. Ndikunamiza amalume anga, ine mayi wa mvano.

Amayi amafunsa m'mawa uliwonse ngati mnzawo waponda pansi. Ndikati sanaponde, amati timudikire, asafulumire. Ndimatuluka msanga kuti asandione nkhope.

Mitambo yayamba kusonkhana kumapiri. Mukudziwa mmene msewu wathu umakhalira mvula ikagwa kawiri, ngakhale njinga imachita kusenzedwa. Chonde bwerani ndi galimoto sabata ino. Muike matiresi kumbuyo. Musatumize mawu, bwerani nokha, mudzakhale pansi ndi amalume, chifukwa inu amakumverani. Madzi akatayika saoleka.

Mundiperekere moni kwa alamu ndi ana, makamaka Bina, amene agogo ake amamutchula tsiku ndi tsiku. Mulungu akusungeni panjira ndipo aigwire mvulayo.

Dzulo msoti uja unaikira dzira m'dengumo, n'kutetera mudzi wonse kumva. Amalume anali kudimba, koma nkhaniyo yawapeza. Mawa sapita, akuti akufuna kuiona nkhukuyo ndi maso awo.

Ndine mlongo wanu,
Teodora