Ndege ya Bambo Ilibe Woitsitsa

Wokondedwa mng'ono wanga Kamchira,

Ndikhulupirira uli bwino pamodzi ndi mlamu ndi ana. Kaya msana uja unasiya kukuvuta? Kuno tilipo. Amayi ndi amphamvu ndithu, pakamwa ndiye posatopa.

Ndege yathu ija yoyendera rimoti yatsika pamwamba pa kabati m'galaja. Ndikunena yaikulu ija, ya mapiko otalika ngati chitseko, imene Bambo anapanga motengera ndege yeniyeni yonyamula makalata. Makoswe anali ataboola phiko limodzi. Ine ndi Bambo takhala tikuikonza Loweruka lililonse, kumata, kutsuka thanki, kusintha kapaipi ka mafuta kamene kanauma gwa. Amayi akangomva fungo la petulo amati mkazi mnzawo wauka kwa akufa.

Ukukumbukira mmene Bambo ankaiyesera? Ankaitukula ndi nsonga za zala ziwiri kunsi kwa mapiko, ikalemera kumchira n'kusunthira batire kutsogolo. Titaikonza anachitanso chimodzimodzi, koma ulendo uno anatsinzina. Nditafunsa, anati zala sizinama. Mng'ono wanga, zoona zake n'zakuti maso awo akutha. Adokotala ati mankhwala angochedwetsa, sangabweze. Zazikulu ndi zowala akuonabe, n'chifukwa chake kunsi kwa mapiko tapakako utoto wofiira psuu.

Sabata yatha tinapita nayo kubwalo lija kuseri kwa fakitale. Ndinaima m'malo mwako, mchira wa ndege pakati pa miyendo kuti isathawe, monga unkachitira mpaka dzina loti Kamchira linakukanirira. Bambo anapukusa pulopela, injini inatsokomola, kenako inalira. Anapendeketsa mutu, n'kumapotoza kasikuluu ka mafuta pang'onopang'ono mpaka kulirako kunasalala. Khutu likadali lomwe lija. Mphepo ya pulopela itandiomba m'miyendo ndinacheuka kuti ndikuuze kanthu, kuiwala kuti iwe kulibe.

Koma sinauluke. Anangoiyendetsa pansi, uku ndi uku, n'kuizimitsa. Mlonda wa pafakitale anaseka, ati imeneyi si ndege koma bakha. Bambo anamuyankha kuti bakhayo akudikira mwini wake.

Tili m'njira anandiuza kuti kuikweza angathe ngakhale ndi khutu lokha. Chovuta n'kuitsitsa. Paja ikamapita, dzanja lako ndi ndege zimamvana, koma ikatembenuka n'kukuyang'ana, kumanja kumasanduka kumanzere. Iwe wekha ndi amene unazigwira, ndi kachitidwe kako kaja koifulatira n'kumaiyang'anira paphewa, anthu akufa nacho chiseko. Ine ukundidziwa, rimoti ikakhala m'manja mwanga mitengo yonse imanjenjemera. Ndinati tipemphe mnzawo wina wodziwa kuulutsa. Anakana. Akufuna aikweze okha, aizunguze kumwambako, kenako apereke rimoti m'manja mwa mwana wawo monga kale.

Sindikukuimba mlandu. Ntchito ndikuidziwa, kutalika kwa ulendo ndikukudziwanso. Koma mawu akuti chaka chamawa tawamva kambiri, ndipo maso a Bambo sadikira tchuthi. Chonde bwera, ngakhale masiku ochepa, akadali kuona chofiira mumlengalenga.

Dzulo ndinawapeza m'galaja akutchaja batire. Ndinawafunsa kuti akuvutikiranji pomwe tsiku sitikulidziwa. Anati batire yongokhala imafa, ndipo safuna kuti mwana adzafike n'kupeza osakonzeka ndi iwowo. Kenako anandituma ndikuuze kuti usaope. Ati kupita aliyense amatha, pobwerera m'pamene manja amasokonezeka, koma iwe pa ana awo onse ndiwe unkadziwa kubweza chinthu kunyumba.

Undiperekere moni kwa mlamu. Ana uwauze kuti agogo awo ali ndi bakha wouluka. Mulungu akusunge ndi kukutsegulira njira. Mchira ndizigwira ine, iwe ungobwera ndi maso.

Ndine mkulu wako,
wonunkha petulo Loweruka lililonse.