Kachipinda ka Zikwama

Mng'ono wanga,

Ndikhulupirira uli bwino pamodzi ndi alamu. Kuno tilipo, kungoti miyendo ya amayi ikutupabe.

Zithunzi za bwato la matanga limene mukufuna kuchita hayala pa tchuthi zafika. Amayi akuonetsa aliyense, ngakhale wodzawerenga mita ya madzi, amvekere, "Mwana wanga akukandiyendetsa panyanja." Ine amene ndimawasambitsa m'mawa uliwonse ndimangoima pambali ndi beseni langa.

Wati ndikusankhire pakati pa nyanja ya zilumba zambiri ndi ya mphepo imene alamu akuifuna. Sankha ya zilumba, madzi ake ndi odekha. Amayi amasanza ngakhale m'minibasi, kaya ukukumbukira. Muzikakocheza pafupi ndi tauni yomwe ili ndi chipatala. Zimene adokotala anena ulendo uno ndidzakuuza pamaso.

Mankhwala ndilongedza ndekha. Samwa popanda kuwanyengerera, koma ukaphunzira.

Walembanso kuti m'bwatomo mwatsala kachipinda kamodzi, mukaikamo zikwama. Nzabwino. Zikwamazo zikaone nyanja, zidzandiuza mmene ilili.

Ndine mkulu wako,
wotsala pakhomo.