Dzanja la Alamu Anu

Mhuju, Rumphi
9 Ogasiti 2014

Okondedwa achimwene a Elias,

Landirani moni wanga, inu ndi alamu anga a Anne pamodzi ndi ana onse ku Chilomoni kumeneko. Kodi amayi miyendo ija ikuwalola kufika kumsika tsopano? Ine ndi mwana wanu Dinah tili bwino, kungoti chifuwa cha nyengo yozizirayi sichinatisiye.

Koma alamu anu, bambo a Dinah, sali monga ndakhala ndikukuuzirani pafoni. Mukaimba amakhala ali pambali panga, ndiye ndimangoti akupezako bwino. N'chifukwa chake ndasankha kulemba, ndipo ndikulembera kuchipatala kuno pa nthawi yopuma.

Sitiroko ija inawagwira mu Malichi ali m'kalasi, choko chili m'manja. Mwendo unabwerera, akuyenda ngakhale mokoka pang'ono, ndipo akayankhula zikumveka. Lakana ndi dzanja lamanja. Zala zitatu zimapindika zokha, moti supuni akugwira ndi lamanzere. Kusukulu anawauza kuti apume kaye, koma palibe akunena kuti adzabwerera liti.

Mukudziwa kuti munthuyu waimba limba kutchalitchi zaka makumi awiri. Mu Juni kwawo ku Nchenachena kunagwa maliro a mkulu wa mpingo amene anawaphunzitsa nyimbo ali mwana, ndipo anaumirira kuti kiyibodi ya mpingo akaimba okha. Ndinawaletsa, sanamve. Anayamba bwino ndi dzanja lamanzere, koma lamanja litangotera, zala zinagwera makiyi atatu nthawi imodzi, phokoso lake n'kutulukira m'masipika onse. Kwaya inasokonezeka, ndipo ena kumbuyo anaseka, pamaliro. Mayi wina wa kwaya anapita kukazimitsa kiyibodiyo, anthu n'kumaliza nyimbo ndi pakamwa pokha. Chichokereni tsiku limenelo sanapondenso kutchalitchi. Amangokhala pakhonde kuyang'ana msewu, ndipo Dinah akawasonyeza makope ake amangogwedeza mutu.

Mayi amene amawachititsa mafizo ku Mzuzu anati zalazo zimafunika kugwira ntchito tsiku lililonse, zizikankha chinthu cholimbako. Anawapatsa kampira koti azifinya, iwo anakaponya m'kabati. Anandiuza kuti si mwana woti azisewera mpira, koma atapeza piyano ya makiyi olemera ngati imene anaphunzirira ku Khondowe, angakhalepo tsiku lonse. Ya kutchalitchi ija akuti makiyi ake ndi opepuka, ukangoikhudza yalira kale, chala sichiphunzirapo kanthu.

Mwezi wathawu titachoka kuchipatala ndinawatenga kukazungulira m'masitolo a ku Mzuzu. Awiri oyamba anali ndi zomwezija zopepuka, za timagetsi tothwanima. Wogulitsa wina anatitamandira yake kuti ili ndi ng'oma m'kati ndipo imatha kuimba yokha, munthu manja ali m'thumba. Alamu anu anangotembenuka n'kutuluka.

M'sitolo yachitatu, kuseri kwa mafiriji, tinapeza ina yaitali yogwiritsidwapo kale ntchito, akuti inachokera ku Joni. Ndi yamagetsi ndithu, koma makiyi ake amatsika molemera. Anakoka mpando n'kukhala. Dzanja lamanzere linayenda monga kale, mpaka anthu ogula anayamba kucheuka. Kenaka ananyamula lamanja ndi linzake n'kuliika pamakiyi. Chala chachikulu chinaliza bwino, cholozera chinaliza motsitsa, koma chapakati chinatsitsa kiyi mpaka theka, osamveka kanthu. Anabwereza, anabwerezanso, thukuta likutsika m'khosi. Mwini sitolo, pomva chisoni, anafuna kukweza mawu a piyanoyo, iwo anamugwira mkono kuti asiye. Tinakhala mmenemo pafupifupi ola lathunthu, ndipo kawiri kokha chala chija chinatulutsa kamawu.

M'minibasi, titadutsa pa Ekwendeni, anayankhula okha ndisanawafunse. Anati, "Ija ndiye yabwino, amama. Chala chikakhala chopanda mphamvu, nayonso imakhala chete. Sikunamiza." Tsiku limenelo anadya n'kumaliza, ndipo anamufunsa Dinah za mayeso ake.

Ndinakonzeka n'kubwererako patatha masabata awiri, koma ndinapeza mpingo wina utagula kale. Mwini sitolo anati zotero sizibwera kawirikawiri, chifukwa anthu amakonda zopepuka zija. Nditawauza alamu anu anangoti yewo chomene poyesetsa, n'kubwerera pakhonde paja.

Vuto lina ndi la kuchimuna. Apongozi anga ndi akulu awo a bambo a Dinah anabwera Lamlungu lapitali. Akuti mankhwala a kuchipatala alephera, ndiye kumapeto kwa Seputembala adzawatenga kupita nawo kumudzi, kuti akawaonetse kwa mneneri wina wa kumapiri. Nkhani ya piyano atayimva, akulu awowo ananena pamaso panga kuti mkazi wa kum'mwera akufuna kuthera chuma cha m'bale wawo pa zidole. Chimene ndikuopa n'chakuti kumeneko akawasiyitsa mapiritsi a BP, ndipo ine monga namwino ndawaona anthu amene sitiroko inawabwerera kachiwiri. Alamu anu eni akewo sanavomere, sanakanenso. Ndikuona kuti akakhala opanda chowagwira m'nyumba muno, adzakwera galimoto n'kupita nawo.

Pali chinanso chimene sindinauze munthu aliyense. Mayi wa mafizo uja anandiitanira pambali, poti ndife a ntchito imodzi, n'kundiuza kuti pamene papita miyezi isanu chonchi ndisayembekezere zambiri. Akalimbikira mwina adzagwira supuni ndi choko, koma zoti adzaimbanso pamaso pa anthu, iye sakuziona. Alamu anu sakudziwa zimenezi. Nthawi zina ndimadzifunsa ngati sindikulakwa, paja amati fupa lokakamiza limaswa mphika. Koma ngati dzanjalo silidzabwerera, kuli bwino adzazindikire okha pang'onopang'ono, m'nyumba mwawo, ine ndili pafupi, kusiyana ndi mmene zinachitikira pamaliro paja.

Tsono pempho langa ndi limodzi, achimwene. Mundiyendere m'masitolo a ku Limbe ndi m'tauni mundifunire piyano yamagetsi yoteroyo, ngakhale yakale. Ikhale ya makiyi 88. Musamvere zonena za wogulitsa, muyese nokha. Mukadina pang'ono ilire motsitsa, mukadina mwamphamvu ilire mokweza, ndipo kiyi izibwerera yokha mosafulumira. Akuti yabwino makiyi a kumanzere amalemerako kuposa a kumanja. Muyese ndi kachala kanu kakang'ono, ndipo kakapanda kuvutika konse, imeneyo muisiye. Ikhale ndi chopondera chake, komanso polowetsa mahedifoni, chifukwa safuna kuti anthu oyandikana nafe azimva akulakwitsa. Mufunsenso ngati ingayake ndi batire, poti magetsi kuno amazimazima.

Mukaipeza munditumizire uthenga wolemba, musaimbe. Za kulipira ndakonza kale. Muikulunge m'mabulangete n'kuikweza basi ya ku Mzuzu, ine ndikaichingamira kudepoti. Chachikulu ifike Seputembala asanathe.

Mundiperekere moni kwa alamu anga a Anne, kwa ana onse, kwa amalume a ku Ndirande ndi kwa azakhali mukawaona. Dinah akuti agogo ake asaiwale kuti analonjeza kudzamuona akakhoza mayeso. Kalatayi amayi musawawerengere, mtima wawo mukuudziwa. Akafunsa za mkamwini wawo muwauze kuti akuyenda, poti zimenezo n'zoona.

Ndine mlongo wanu wokukumbukani masiku onse,

Isabella